Mmene ndinachapira matawulo a microfiber opukutira galimoto

Matawulo anga a microfiber anafika poti sakumwanso madzi, ukapukuta windscreen angosiya mizeremizere, aja opakira polishi ndiye anali gwaa ngati chikopa chouma. Vuto linali wax (phula lowalitsira galimoto) yemwe anamatirira mu ulusi, kuphatikizapo softener wofewetsa zovala pochapa uja, ameneyu amakuta ulusi ndiye thawulo limangoterera pa galasi osayamwa kanthu.

Ndinayamba ndawapatula kaye, a matayala ndi ma rim paokha chifukwa amenewo amakhala ndi mchenga ndi girizi, akakhudza bodi amakanda penti. Kenako ndinawaviika usiku wonse mu ndowa ya madzi ofunda, osati owira ayi, poti ulusi wake ndi polyester ndi polyamide, pulasitiki basi, kutentha kwambiri kumauwononga. Sopo ndinathira wamadzi wotsukira mbale, pang'ono chabe. M'mawa ndinafikisa ndi manja, madzi kuchita kuda bii, kutsukuluza mpaka thovu lonse litatha, madzi omalizawo ndinathiramo vinega woyera theka la kapu.

Musamachapire limodzi ndi zovala za thonje, amatola tiulusi tonse. Ine ndinayanika pa chingwe pamthunzi, osati pa udzu. A galasi akumwa madzi bwinobwino pano, a matayala sanayere kwenikweni ndiye ndangowasiyira ma rim omwewo.