Momwe mungasokere chofunda cha zigamba ndi zidutswa za zitenje chisanu chisanafike

Dutsani pakhonde pa telala aliyense ku Limbe, ku Mchesi kapena pa Zigwagwa nthawi yoweruka, mupeza tizidutswa ta zitenje tili mbwee pansi pa makina. Tambiri timathera kudzala, tina timakayatsira mbaula. Komatu zidutswa zomwezi, mukazidula mofanana n'kuzilumikiza, zimatulutsa chofunda chimene anzathu akunja amachitcha quilt: pamwamba zigamba, pakati chotenthetsa, pansi nsalu imodzi, zonse zitasokedwa pamodzi.

Ku America osoka zofunda zotere ali ndi tsiku lawo, Loweruka lachitatu la mwezi wa Malichi. Kwa iwo chisanu chimakhala chikutha. Kwa ife ndiye nthawi yabwino yoyambira, chifukwa wosoka pang'onopang'ono madzulo amafika mu Juni chofunda chitatha, chiperoni chisanayambe kuwaza ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mukadikira kuti mano ayambe kugundana ku Dedza, mudzafunda chaka chamawa.

Musaone ngati ndi ntchito ya anthu osowa. Amayi akuda a kumudzi wa Gee's Bend ku Alabama, ku America komweko, ankasoka zofunda ndi mabuluku akutha a kumunda kuti ana asagone ndi mphepo. Mu 2002 zofunda zawozo zinakaonetsedwa m'nyumba zosungira zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dzikolo.

Yambani ndi kusonkhanitsa nsalu

Chofunda cha bedi la munthu mmodzi chimafuna zigamba 165. Mukadula chilichonse masentimita 15 mbali zonse, n'kusiya sentimita imodzi ya msoko kuzungulira, chigamba chimatsala masentimita 13. Zigamba 11 m'lifupi ndi 15 m'litali zikupatsani chofunda cha masentimita pafupifupi 143 kwa 195. Chitenje chathunthu cha mamita 2 chimatulutsa zigamba pafupifupi 90, ndiye zidutswa zanu zikhale zokwana ngati zitenje ziwiri, ndi zina zapadera poti zina mudzazilakwitsa.

Kambiranani ndi atelala kuti azikusungirani m'jumbo. Ena amapereka ulele, ena afuna ya fanta, osakangana nawo. Kunyumba nakonso fufuzani: chitenje chong'ambika pakati chimakhala cholimba m'mbali, malaya a abambo otha kolala amakhala ndi msana wabwinobwino. Za zitenje za chipani, mwini aone yekha. Nkhope ya wandale ikadulidwa panayi sidziwikanso, koma mlendo wina akhoza kuzindikira khutu.

Chinthu chimodzi chokha musachinyozere: musasakanize nsalu ya thonje ndi ya pulasitiki. Zikachapidwa zimakokana ndipo chofunda chimapindika. Ngati mukukayika, dulani kachidutswa kakang'ono muyatse ndi machesi panja. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Ya pulasitiki imasungunuka n'kuuma kukhala kanjere kolimba.

Kenako chapani zonse, zofiira pazokha, zabuluu pazokha, zoyera pazokha. Chitenje chatsopano chimachucha mtundu komanso chimafupika pang'ono, ndiye ndi bwino chichite zimenezo chisanalumikizidwe ndi chinzake. Zikauma, sitani. Simbi ya makala imagwira bwino lomwe, bola kusamala phulusa.

Kudula ndiye mwini nkhani

Apa ndi pamene ambiri amagwera, osati pa makina. Pangani choyezera cha masentimita 15 mbali zonse zinayi. Katoni imagwira ntchito koma imadyeka m'mbali mukajambulira zigamba makumi angapo, ndipo mumangoona zigamba zikucheperachepera osadziwa chifukwa. Bwino kudula pulasitiki yosalala ya chigubu cha mafuta ophikira, kapena kupempha akalipentala kachidutswa ka pulayiwudi. Onetsetsani makona ake pogunditsa pakona ya buku.

Ikani choyezeracho kuseri kwa nsalu, jambulani ndi pensulo kapena kachidutswa ka sopo kotsalira, dulani ndi sizasi yakuthwa. Mbali za chigamba zitsatire ulusi wa nsalu. Mukadula mopingasa pofuna kupulumutsa kansalu, chigambacho chimatamuka posoka ndipo chimasokoneza mzere wonse. Musaunjike nsalu zambiri kuti mudule kamodzi, ziwiri zakwana.

Mwina mukuti mamilimita 2 ndi chiyani. Aphonyeni pa chigamba chilichonse, pofika kumapeto kwa mzere wa zigamba 11 mwataya masentimita opitirira 2, ndipo makona sakumananso ndi mzere wotsatira. Ine chofunda changa choyamba chinatuluka chokhota ngati munda wa m'mbali mwa mtsinje, mpaka lero chimafundidwa ndi mbatata.

Yalani pansi musanasoke

Sesani pabalaza, yalani mkeka, ikani zigamba zonse 165 mmene mukufunira zidzaonekere. Zitenje zathu n'zaphokoso kale. Mukagundanitsa zamaluwa zokhazokha maso amatopa. Njira yosavuta ndi kusinthanitsa, chamaluwa kenako chopanda maluwa, kapena chakuda kenako chowala, ngati bolodi ya dirafuti. Jambulani ndi foni, muyang'ane chithunzicho. Pafoni mumaona msanga pamene zofiira zaunjikana. Mukakhutira, nyamulani mzere uliwonse paokha, mubaye kapepala ka nambala ndi pini, ana asanabwere kusukulu.

Kulumikiza

Tengani zigamba ziwiri, zigundane kumaso, sokani sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Pa makina, matani kaselotepi pamalo a sentimita imodzi kuchokera pa singano kuti nsalu izitsatira. Wosoka pamanja ajambule mzere ndi pensulo, asoke timisoko tating'ono, pakapita timisoko tinayi kapena tisanu abwerere kamodzi kuti ulusi ukaduka usasosoke wonse. Pitirizani mpaka mzere wa zigamba 11 uthe, ndipo mizere ikwane 15.

Tsopano simbi ibwerenso. Mzere woyamba gonekani misoko yonse kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja, choncho. Polumikiza mizere, misoko ija imalowana yokha ngati zala za manja awiri, makona amakumana, komanso singano sithyoka chifukwa palibe pokhuthala kwambiri. Bayani pini pa mphambano iliyonse musanasoke. Ingotsindikani simbi n'kunyamula, osaikhwekhwereza, kuopa kutamula nsalu.

Ngati muli pagulu, kaya la kutchalitchi kaya la banki m'khonde, gawanani mizere, koma choyezera chikhale chimodzi ndipo woyeza msoko akhale mmodzi.

Pakati ndi pansi

Akunja amagula thonje lapadera loika pakati. Ife bulangete lakale lopyapyala, lochapa bwino, likukwana. Lolemera kwambiri limavuta kubaya ndipo likanyowa silinyamulika. Yapansi gwiritsani shiti ya pa kaunjika, chifukwa chitenje n'chochepa m'lifupi, pokhapokha mulumikize ziwiri. Shiti ndi bulangete zipitirire zigamba ndi masentimita 5 mbali zonse.

Yalani shiti chafufumimba, bulangete pamwamba pake, zigamba pamwamba penipeni kumaso kuli kumwamba. Salazani ndi manja kuyambira pakati kupita m'mbali, ndipo gwirizitsani zitatuzi ndi mapini otseka kapena misoko italiitali yodzachotsa, kuyambiranso pakati.

Pomanga zitatuzi pali njira ziwiri. Yachangu ndi ya mfundo: pa mphambano iliyonse lowetsani singano yaikulu yokhala ndi wulu kapena ulusi wokhuthala mpaka pansi, itulukenso pafupi pomwepo, mangani kawiri, dulani kusiya timichira ta masentimita 2. Masana amodzi mwamaliza. Yachiwiri ndi kusoka mizere yodutsa chofunda chonse motsatira misoko ya zigamba. Imadya masabata ndipo chala chimalira, koma ndi imene imapirira kuchapa, ndipo ngati chofunda ndi cha mwana wamng'ono sankhani yomweyi, poti timichira ta mfundo ana amatizula n'kuika m'kamwa. Khanda lenileni musalifunditse chofunda cholemera chotere. Liyalireni pansi kuti lizisewererapo.

Mpendero

Dulani zotsalira m'mbali kuti zitatu zija zifanane. Kenako dulani timizere ta nsalu ya mtundu umodzi, masentimita 6 m'lifupi, mulumikize mpaka tikwane mamita 7 ndi kakuwonjezera. Pindani pakati m'litali, sitani. Sokani mbali yosapindayo m'mphepete mwa chofunda kumaso, tembenuzirani kuseri, mumalize pamanja. Makona akakuvutani, pendani mbali ziwiri zazitali poyamba, kenako zazifupi, n'kupindira nsonga mkati.

Kuseri pakona imodzi sokanipo dzina lanu ndi chaka ndi ulusi wamtundu wina. Pochapa gwiritsani madzi ozizira, musachipotokole mwamphamvu, ndipo muyanike pamthunzi pa zingwe ziwiri kuti kulemera kwa madzi kusadule misoko.