Mankhwala a shuga kwa Amalawi okhala ku Chipata

Amalawi ambiri odwala shuga kuno ku Chipata amadalirabe mapiritsi ochokera kumudzi. Poti boda ya Mwami ili pafupi, munthu amangoti alamu akamachokera ku Mchinji anditengera. Alamuwo akachedwa masabata awiri, masabata awiriwo amatha osamwa kanthu. Shuga akamakwera pang'onopang'ono samveka kuwawa, koma maso, impso ndi mapazi zimakhala zikuwonongeka. Ine ndimati lembetsani ku chipatala cha komwe mukugona, zakumudzi zikhale zongowonjezera.

Musanapite, dziwani dzina lenileni la mankhwala anu. Kuuza anamwino kuti "timapiritsi toyera tija" sikungawathandize, chifukwa toyera tilipo tambirimbiri. Tengani buku lanu la kuchipatala lija munachoka nalo kwathu, mujambulenso pa foni tsamba lomwe analembapo dzina ndi mlingo. Yambirani pa kiliniki ya m'dera lanu, iwo ndi amene amatumiza ku Chipata Central Hospital pakafunika. Amene muli cha ku Katete, chipatala cha St Francis chili pafupi. Ngati pantchito amakudulani ya NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Zambia, funsani momwe ingakuthandizireni pa mankhwala ndi kuyezetsa magazi.

Odwala shuga wa mtundu wachiwiri ambiri amayamba ndi metformin, wa 500mg kapena 850mg. Pabokosi lina amalemba Glucophage, koma ndi yemweyo. Amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa. Vuto lake ndi m'mimba: nseru ndi kutsekula masiku oyamba. Mwerani pachakudya, nsima ili m'mimba, nthawi zambiri zimaleka zokha. Koma mukadwala kusanza ndi kutsekula kwambiri mpaka madzi kuchepa m'thupi, thamangirani ku chipatala musanamwenso, poti mankhwalawa safuna impso zofooka. Kayezetseni impsozo kamodzi pachaka.

Wofunika kusamala naye kwambiri ndi glibenclamide, wa 5mg uja, komanso mnzake gliclazide. Awa amakakamiza thupi kutulutsa insulin, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Taganizani mayi wogulitsa zovala za salaula ku msika wa Kapata. Wamwa piritsi m'mamawa ndi tiyi wopanda chotafuna, makasitomala achuluka, nkhomaliro yadutsa. Pofika 2 koloko manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuyankha anthu mwaukali, chenji akusokoneza. Anzake angamuyese woledzera, pomwe ndi shuga watsika. Pamenepo musadikire: sungunulani masipuni ang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi amwe, kapena theka la botolo la Fanta, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mutengereni ku chipatala msanga. Amene mumamwa mankhwala amenewa yendani ndi maswiti m'thumba, ndipo auzeni omwe mumagwira nawo ntchito. Mowa, makamaka kachasu wa pamimba yopanda kanthu, umatsitsa shuga moopsa, mwina usiku muli mtulo.

Za timakina toyezera shuga m'magazi: tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL. Nambala ikakhala yaikulu ngati 180, igaweni ndi 18, mupeza 10. Shuga akafika pansi pa 3.9, kapena 70 pa kuwerenga kwinako, ndiye kuti watsika.

Adokotala akakuuzani kuti muyambe jakisoni wa insulin, musati basi ndatha. Matendawa amasintha ndi zaka, mapiritsi okha amafika polephera. Chovuta kuno ndi kasungidwe, ndi magetsi othimathimawa. Botolo losatsegula limafuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma lisaume ngati ayezi. Lomwe mukugwiritsa ntchito limatha kukhala pamalo pozizira bwino pafupifupi milungu 4. Opanda firiji amalikulunga m'pulasitiki n'kuliika mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi. Mu Okutobala, kutentha kwa kuno kuja, musalisiye pawindo ngakhale kwa ola limodzi.

Mankhwala gulani ku famase yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ku Zambia, osati a pa benchi mumsika, ndipo onani tsiku lothera mphamvu. Mukamva uthenga wa maliro kumudzi, tengani mankhwala opitirira masiku omwe mukuganiza kukakhalako, poti za pamaliro sizitha tsiku lomwe munapangana. Aikeni m'kachikwama ka m'manja limodzi ndi buku lija, osati m'katundu womangidwa pamwamba pa minibasi padzuwa.