Kudutsa ndi boti pa damu la mtsinje wa Mississippi

Mwafunsa momwe boti laling'ono limadutsira madamu a boma la America, omwe amayang'aniridwa ndi US Army Corps of Engineers, kumtunda kwa Mississippi.

Musananyamuke, aliyense avale jekete loyandamitsa, ndipo mutenge wailesi ya VHF (yolankhulirana pamadzi).

1. Talikirani damu. N'koletsedwa kuyandikira mamita pafupifupi 180 kumtunda kwake ndi 45 kumunsi. Madzi akumunsiwo amazungulira n'kukokera boti kukhoma.
2. Itanani woyang'anira chipata cha maboti (malo otsekeka pambali pa damu, momwe madzi amakwezedwa kapena kutsitsidwa kuti boti lidutse) pa tchanelo 14 ya wailesiyo.
3. Nyali yobiriwira ikayaka, lowani pang'onopang'ono.
4. Chingwe chomwe akupatseni, chigwireni pamanja. Ambiri amalakwitsa apa: osachimangirira kuboti ayi! Madzi akamatsika, boti lomangidwa limalendewera, mwinanso kugubuduzika.
5. Tulukani pokhapokha lipenga likalira.