Kuteteza Magata ku Chipale Chotsetsereka pa Mapanelo a Sola

Kumadera ozizira ngati Canada, Scotland kapena Minnesota ku America, gata (ngalande ya m'mphepete mwa denga yolandira madzi a mvula) imene yakhala bwinobwino zaka zambiri ikhoza kuthyoka tsiku limodzi nyumba ikangoikidwa mapanelo a sola. Galasi la panelo ndi loterera, ndipo pansi pake n'pakuda. Dzuwa likangowala, panelo imafunda, chipale (sinowo) chokhudzana ndi galasi chimasungunuka, mulu wonse n'kutsetsereka nthawi imodzi, khuu! pa gata.

Musachipeputse chipalechi. Panelo imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 2. Chipale chonyowa chikaunjikana masentimita 20, panelo imodziyo imasenza makilogalamu oposa 100. Mapanelo khumi ndiye kuti tani yathunthu.

Yambani ndi gata yeniyeniyo, nyengo yozizira isanafike. Gonekani thabwa lowongoka padenga motsatira kutsetsereka kwake, litulukire kunja kwa denga. Mlomo wakunja wa gata uyenera kukhala pansi pa thabwalo ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. Ukaligunda, gatayo yakwera kwambiri ndipo chipale chizidzaimenya m'malo moidumpha, itsitseni. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa pa nthawi ya mvula gata yokwera imaoneka ngati yabwino.

Kenako onjezani mabulaketi, zogwirizira gata. Ambiri amatalikirana masentimita 60 mpaka mita imodzi, koma pansi pa mapanelo asapitirire masentimita 40 kapena 45. Mangani ndi masikuluwu osachita dzimbiri, aatali moti apyole fesha bodi (thabwa la m'mphepete mwa denga pomwe gata imamangidwa) n'kuluma mtengo wa denga. Misomali imazuka pang'onopang'ono madzi akamaundana n'kusungunuka mobwerezabwereza. Ngati fesha bodi yafumbwa, isintheni kaye. Gata ipendekere kupaipi yotsitsa madzi ndi mamilimita 3 pa mita iliyonse, ndipo masamba onse achotsedwe. Dziwaninso kuti gata yapulasitiki imakhala yosachedwa kusweka kukazizira kwambiri.

Koma gata, ngakhale yolimba chotani, sinapangidwire kuimitsa chipale. Ntchito imeneyo ndi ya zotchingira zotchedwa snow guard. Zilipo zamitundu iwiri. Zina n'zing'onozing'ono, zomangidwa pafelemu ya panelo kapena pampata wa pakati pa mapanelo. Zimagwira chipale kuti chizitsika pang'onopang'ono. Muziike pa mzere uliwonse wa mapanelo, osati wam'munsi wokha, kuopa kuti katundu yense angatsamire malo amodzi n'kupinda felemu. Musaboole felemu ya panelo, chifukwa kampani ikhoza kukana kukusinthirani ikawonongeka, ndipo sankhani zazifupi kuti zisachite mthunzi pagalasi. Mtundu winawo ndi mpanda wa mapaipi awiri kapena atatu womangidwa padenga, pakati pa mapanelo ndi gata. Uwu ndiye wamphamvu, koma umafuna malo oti chipale chiterepo. Choncho ngati mapanelo sanaikidwe, uzani amisiri asawafikitse kumapeto kwa denga. Pa malata a mizere yoimirira pali zopanira, monga za kampani ya S-5!, zogwira mzerewo popanda kuboola. Pa matailosi, mpandawo umangidwe pamitengo ya denga, pomwe mwaboola mutsekepo bwino kuti pasadonthe.

Chipale chogwidwa chimakhalitsa pamapanelo, magetsi n'kuchepa kwa masiku angapo. Ife tikuona kuti kutaya magetsi pang'onowo n'kwabwino kusiyana ndi kuti tani ya chipale igwere mwana pakhomo. Funsani katswiri wa zomangamanga ngati dengalo lingapirire kulemerako, makamaka nyumba ikakhala yakale.

Madzi akamaundana m'gata momwemo, yalani waya wotenthetsera, wa mtundu wodzichepetsera wokha kutentha, m'gata monse mpaka kunsi kwa paipi. Wolumikiza wayayo akhale wodziwa zamagetsi, ndipo amulumikize pa swichi yodzizimitsa yokha magetsi akathawira kumadzi. Ayezi akamabwerabe chaka ndi chaka, nthawi zambiri ndiye kuti kutentha kwa m'nyumba kukuthawira kudenga kudzera m'siling'i.

Pochotsa chipale, imani pansi, chapambali, ndi chokokera cha mpini wautali chokhala ndi mutu wa siponji yolimba. Kokani pang'onopang'ono kuyambira m'munsi. Chachitsulo chimakanda galasi, madzi otentha akhoza kuliswa, ndipo mchere umadya felemu ndi gata yomwe. Padenga pali ayezi musakwerepo.