Kasungidwe ka Tempo Pochotsa Gawo la Nyimbo: Malangizo kwa Ojambula Nyimbo

Malangizowa alembedwera oimba ndi ojambula nyimbo ochokera ku Zambia amene akugwira ntchito m'masitudiyo a ku Johannesburg. Musanachotse chilichonse, sungani pulojekiti yanu m'dzina lina, chifukwa magetsi akazima ntchito ili mkati, batani lobwezera silidzakuthandizaninso.

Pali kufufuta zimene zili m'gawo n'kusiya mpata, ndipo pali kuchotsa nthawi yeniyeniyo kuti zakutsogolo zisendere m'mbuyo. Njira yachiwiriyi imatchedwa Delete Time m'mapulogalamu ojambulira nyimbo a Ableton Live ndi Cubase, pomwe mu Pro Tools ndi Cut Time, ndipo ndiyo imasuntha zizindikiro za tempo, zimene zimasonyeza pamene liwiro la nyimbo likusinthira.

Lamulo loyenera kutsatidwa ndi lakuti tempo imene inali kugwira ntchito kumapeto kwa gawo lochotsedwalo ndiyo iyenera kuyambira pamene mwadulapo. Tiyerekeze kuti nyimbo ya amapiano yayamba pa 112 BPM (kugunda 112 pa mphindi), ndipo pa bar 33 (bar ndi kagawo ka nyimbo ka kugunda kowerengeka) yakwera kufika pa 120. Mukachotsa kuyambira pa bar 25 mpaka kumapeto kwa bar 40, chizindikiro cha 120 chili m'kati mwa zochotsedwazo, komabe zonse zotsatira zinajambulidwa pa 120. Pulogalamu yabwino iyenera kuika chizindikiro chatsopano cha 120 pa bar 25. Ikangotaya chizindikiro chakalecho pamodzi ndi gawolo osaika chatsopano, nyimbo yotsalayo idzayenda pa 112, ndipo bar iliyonse ya 4/4 (ya kugunda kanayi), imene inkatenga masekondi 2, idzatenga pafupifupi 2.14. Kusiyanaku n'kochepa pomva koyamba, koma ng'oma za MIDI (zoimbidwa ndi pulogalamu) zimatsatira tempo, pomwe mawu a woimba, ngati anamangiriridwa ku masekondi, amakhala pomwe anali. Pakangopita ma bar 16, woimba amakhala atazisiya ng'oma ndi masekondi oposa 2.

Ngati mwadula pamene tempo inali kukwera pang'onopang'ono, pafunika zizindikiro ziwiri, china chotsekera mbali yakumanzere kwa pamene mwadulapo ndi china chotsegulira yakumanja, apo ayi kapendekedwe ka mzere wonse wosonyeza tempo kamasintha. Kunena zoona, apa ndi bwino kudziikira nokha zizindikirozo musanadule, kusiyana n'kudalira kuti pulogalamu idzalingalira zimene mukufuna.

Mukamaliza kudula, tsegulani mzere wa tempo, yatsani metronome (kachida kowerengera kugunda kwa nyimbo), ndipo mumvetsere kuyambira ma bar awiri musanafike pamene munadulapo. Muonenso ngati chizindikiro chosintha kawerengedwe ka kugunda, monga kuchoka pa 4/4 kukhala 6/8, sichinapite limodzi ndi gawolo.