Wotchi ya m'thumba ya agogo yaima: muyambire pati?

Achimwene a ku Chilenje, mwati mwapeza wotchi ya agogo m'sutikesi ndipo siyenda. Choyamba, musaikakamize kuipukusa.

Yalani nsalu yoyera patebulo, mutsegule chivindikiro cha kumbuyo ndi chikhadabo. Zina zimamasuka pozungulitsa, choncho musafulumire kutola mpeni. Dzina ndi nambala zofunika ndi zolembedwa pa makina enieniwo, osati pa chivindikiro. Waltham ndi Elgin ndi za ku America, Omega ndi Longines za ku Switzerland, ndipo nambalayo mukaifufuza pa intaneti imakuuzani chaka. Pa chivindikiro, kachizindikiro ka mkango woyenda kakutanthauza siliva wa ku Britain wa 925 (magawo 925 pa 1,000 ndi siliva weniweni), ka nangula kakutanthauza kuti silivayo anamuyeza mumzinda wa Birmingham.

Kenako igwedezeni pang'ono, muyang'ane kagudumu kamene kali ndi sipuling'i yonga tsitsi. Kakayenda n'kuima, ndi litsiro ndi mafuta ouma; fumbi lathu la Ogasiti sililekerera. Kakamagwedera ngati dzino la mwana, kachitsulo kapakati kamene kagudumuko kamazungulirapo kathyoka. Mukamapukusa osafika polimba, sipuling'i yaikulu yaduka.

Chonde, mafuta ophikira kapena opopera a WD-40 ayi, zimandiwawa ndikaona zotere. Ijambuleni kaye mkati, kenako mupite nayo kwa wokonza m'tauni amene amadziwa mawotchi opukusa, osati wongosintha mabatire.