Momwe mungathandizire agogo kuchedwetsa matenda oiwalaiwala

Agogo akayamba kusokera pochokera kumsika wa pa Nkhotakota boma, kapena kufunsa dzina la mdzukulu amene analera okha, ambiri timangoti ndi ukalamba, ena mpaka kuwasemera mlandu wa ufiti. Chonsecho nthawi zambiri amakhala matenda a muubongo, aja achipatala amati dementia. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali nawo padziko lonse, ndipo mankhwala ochiziratu kulibe.

Koma ubongo wogwira ntchito umachedwa kugonja. Mu 2013, ofufuza ku Hyderabad m'dziko la India anaunika odwala 648, n'kupeza kuti olankhula ziyankhulo ziwiri kapena kuposa anachedwa ndi zaka pafupifupi zinayi ndi theka kuonetsa zizindikiro. Ngakhale amene sanapondeko m'kalasi anapindula. Si katemera ayi, komabe zaka zinayi agogo akuzindikira ana awo si zochepa.

Yambani ndi chiyankhulo chimene ali nacho kale. Kuno kunyanja si zachilendo munthu kulankhula Chichewa pakhomo, Chiyao potsatsana usipa padoko, Chitonga akakwera cha ku Dwangwa. Vuto n'lakuti ambiri anachisiya atakwatiwa kapena atasamuka, ndipo ife ana sitinachifunsenso. Tsegulani wailesi ya MBC nthawi ya nkhani za m'Chiyao kapena m'Chitonga, mukhale nawo pamphasa, zikatha mufunse kuti, "Agogo, paja pamenepa amati chiyani?" Kuchoka m'chiyankhulo china kulowa m'chinzake, kusaka mawu, kukana lina n'kutola loyenera, ndiyo ntchito imene tikuifunayo. Akakhala ndi mnzawo wachikulire wolankhula chomwecho, aperekezeni akacheze. Izi zimaposa wailesi kutalitali.

Kenako buku. Musanawapatse, onani kaye maso: okalamba ambiri sanasiye kuwerenga chifukwa cha ulesi, koma zilembo zinayamba kuchita chifunga, ndipo magalasi owerengera amathetsa zambiri. Buku Lopatulika, Korani, nyuzipepala yakale, zonse zili bwino. Awerenge mokweza mphindi 15 zokha tsiku lililonse, atseke buku, akufotokozereni zomwe amva. Ngati kuwerenga sadziwa, mdzukulu aziwawerengera akaweruka kusukulu, iwo azibwereza nkhaniyo m'mawu awoawo. Sukulu ya kwacha ikakhala pafupi, sikaniza munthu chifukwa cha imvi.

Onjezani chachilendo pang'ono: mawu asanu a Chiswahili kapena Chingerezi pa sabata, olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pachitseko. Koma chonde musasandutse mayeso. Akaiwala musawaseke, musawakalipire. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pamaso pa adzukulu amangoti zii, osayesanso.

Buku palokha silikwanira. Lipoti la akatswiri lomwe linatuluka mu 2024 m'magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zimene zikathetsedwa zingapewetse kapena kuchedwetsa pafupifupi 45 peresenti ya matendawa. Zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva bwino ndi kukhala wekhawekha. Choncho kawayezetseni BP ndi shuga, ndipo inunso a zaka za m'ma 40 musadikire imvi kuti muyambe.

Agogo akasokonezeka mwadzidzidzi, dzulo anali bwinobwino lero sakudziwa pamene ali, buku liyambe ladikira. Akhoza kukhala malungo, sitiroko kapena shuga wotsika, ndipo ofunika kuthamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo.